Timabokosi ta pa Chipupa cha Kumpoto

Kabwata, Lusaka
14 Okutobala 2024

Mwana wanga Winifred,

Ndine atate wako, Nicodemus Njobvu, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Ndikulemba ndekha ndi dzanja langa, tsono ukaona zilembo zikukwera phiri usaseke, ukudziwa kuti sukulu yanga inali Baibulo la malemu amako. Foni ija unanditumizira ili bwino ndithu, koma makutu anga anatsala ku Heavy Industrial pa makina oumba mabuloko. Ndiye tizilemberana.

Kodi muli bwanji kumeneko ku Leeds? Nanga mdzukulu wanga Kayla chifuwa chija chinatha? Kuno kwatentha, ndipo magetsi akubwera ngati mlendo wa pa basi, osakhala n'komwe pansi.

Nkhani ndi iyi. Lachiwiri lapitali kunabwera anthu atatu ku tchalitchi chathu chakale, chija agogo ako anamanga nawo mu 1952. Galimoto yawo yoyera, yopanda dzina pa chitseko. Wowatsogolera ndi mayi wa Chibemba, akuti Ba Kampamba, wovala nsapato za amuna za kuntchito. Anaimika chinthu cha miyendo itatu pakati pa mabenchi, mutu wake ukuzungulira wokha pang'onopang'ono. Anamata timapepala takuda ndi toyera m'zipupa monse. Atatero anatuluka n'kuulutsa kandege pamwamba pa malata.

Ine ndinawatsegulira chifukwa Abusa anandiuza kuti nditsegule. Koma ndinafunsa. Ndinati, "Mayi, mukufuna chiyani muno?" Iye anandipatsa moni m'Chibemba ngati agogo ake, akuti, "Muli shani ba shikulu, tikujambula chabe." Ine ndinati, "Mukujambula ndani, poti mkwati mulibe?" Anaseka, n'kulankhula zambiri, koma ine ndinangoona milomo.

Winifred, ndakhala mu Lusaka muno kuyambira ndili wa kabudula. Munthu akabwera ndi cha miyendo itatu, chaka chisanathe pamalopo pamakhala mpanda ndi mlonda. Bwalo lija munkasewerapo mpira wa manja linapita motero. Dimba la amake Nkandu linapita motero. Sindinaonepo munthu akuyeza chinthu chimene akufuna kuchisiya.

Ndipo ukudziwa mlongo wako Bruce ndiye wapampando wa komiti ya zomanga. Iye akufuna tchalitchi chakale chigwe, pamangidwe chachikulu cha magalasi, akuti magalimoto a anthu olemera a ku Woodlands ndi ku Kabulonga akusowa poima. Akulozera chipupa cha kumpoto, akuti chavunda. Zoona chikusuwa penti ndipo chimanunkha chinyezi, sindikana. Koma chipupa chimenecho ndachisamala ine ndi dzanja langa kuyambira 1981. Pakang'ambika ndimamata. Simenti yeniyeni, yosanyenga, thumba limodzi mawilibala awiri a mchenga, pamwamba penti wa mafuta. Nyumba ya Mulungu sindinaimanepo simenti.

Akulu a mpingo adzagamula mu Marichi. Ine ndikuganiza kuti anthu awa watuma ndi Bruce, akuwerengeratu njerwa za agogo ake. Iwe umalankhula naye pa foni. Umufunse mochenjera, osatchula ine, ndipo undiuze.

Ndine atate wako,
N. Njobvu


Kabwata
2 Disembala 2024

Winifred,

Moni kwa nonse. Ndapita kukaona makalata kanayi, yako palibe. Kapena yanga inasochera, kapena iwe ndi mlongo wako mwagwirizana kuti mdala asadziwe kanthu. Sindikunena kuti zili choncho. Ndikungoona kuti mwana amene amayankha msanga wakhala chete.

Mvula yayamba. Anthu aja anabweranso mu Novembala. Ulendo uno anamata timabokosi tisanu ndi kamodzi pa chipupa cha kumpoto, toyera, kukula ngati sopo wosambira, kalikonse kali ndi kadiso kobiriwira kophethira. Abusa analengeza kanthu pa Sabata, koma chimkuzamawu chathu chimangoliza mluzu m'makutu mwanga.

Titatuluka ndinamugwira Bruce pa galimoto yake. Ndinati, "Timabokosi tija n'tachiyani?" Anayang'ana kumbali, akuti, "Mufunse mwine wake, ba mudala." Ndinati, "Mwini wake si iwe?" Anaseka. Akuti, "Ngati simutifuna, makiyi si muli nayo?" N'kuliza galimoto, ulendo kunyumba kwake ku Chelstone.

Ndinaganiza masiku atatu. Kumene tinkagula miyala kale, anthu asanaswe thanthwe ankayamba aikamo tinthu tating'ono, kenaka n'kutiuza kuti tiime patali. Sindikunena kuti timabokosi timeneti n'tophulika, ndine wamkulu, sindingalembe zimene sindinaone. Koma kanthu kophethira usana wonse pa chipupa chodwala kakuchita ntchito, ndipo ntchitoyo sanandiuze. Chipupa chikagwa chokha Marichi asanafike, ndani adzafunikanso kugamula?

Tsono Loweruka m'mamawa, amayi osesa asanafike, ndinatenga mpeni womangira n'kutichotsa tonse. Sindinaswe n'kamodzi komwe, si tanga. Ndinatiika m'chitini cha mkaka, chitini n'kuchiika pa shelefu ya kukhitchini, pamwamba pa mbaula. Timapepala tija ndinapala. Ndipo poti ndinali kale pamenepo, ndinaona mng'alu watsopano pansi pa zenera lachiwiri, ndinaumata bwinobwino.

Palibe amene wandifunsa. Bruce anaona chipupa pa Sabata, anandiyang'ana, sananene kanthu. Anandigulira mpaka buledi. Zimenezi zandidabwitsa pang'ono.

Yankha, mwana wanga.

Atate wako


Uthenga wa pa foni, Bruce kwa Winifred
9 Disembala 2024

Ba Wini, shani. Naona mwatuma foni kasanu, nenze ku nchito. Kalata ya ba mudala yamene munapasa ba Lukonde pobwela nili nayo, ikali mu motoka. Nizabapasa nikapeza mpata, Chelstone na Kabwata si pafupi.

Manje imwe, munatuma bantu banu ba makompyuta osaniuza ine wapampando. Mwenze kuganiza kuti sinizaziba? Nikuuzeni chabe, ba mudala bachosa tumabokosi twanu tonse, beka, kulibe anabatuma. Ine sininakambe kanthu.

Imwe muli ku Leeds. Mvula ikabwela sindimwe mumachosa bana ba Sande sukulu pansi pa chipupa chija. Nagwilapo na kwanja, chimamveka mphako mukati. Chikagwela mwana wa munthu muzalila malilo pa foni? Tizakamba mu Malichi, pa bantu.


Leeds
12 Disembala 2024

Okondedwa Atate,

Ndikukhulupirira muli bwino. Ife tili bwino, Kayla anachira, akuti agogo amutumizire masuku ngati kuti masuku amakwera ndege.

Atate, ndinakuyankhani kalekale mu Novembala. Kalatayo ndinapatsira Ba Lukonde akubwera kumeneko, iwo n'kupatsa Bruce. Lero ndamva kuti idakali m'galimoto mwake. Ino ndaiponya ndekha.

Anthu aja sanatumidwe ndi Bruce. Ndinawapempha ndine, kudzera kwa Abusa. Ba Kampamba ntchito yawo ndi yopulumutsa nyumba zakale. Cha miyendo itatu chija chimayeza nyumba yonse ndi kuwala, n'kuimanganso mu kompyuta, njerwa iliyonse pamalo pake, kuti aone pamene yapendekeka ndi pamene ili bwino popanda kugumula kanthu. Timabokosi tija timangomva chinyezi ndi kutentha kwa chipupa, n'kutumiza uthenga kwa iwo ngati foni. Amafuna timve nyengo yonse ya mvula, kuti mu Marichi akhale ndi umboni woti chipupacho chingachire. Popanda umboniwo, akulu a mpingo adzamvera Bruce.

Atate, mwachotsa mboni zanu zomwe.

Sindikukudzudzulani, wolakwa ndine amene sindinakuuzeni poyamba. Ndinkaopa kuti mukamva mudzakangana ndi Bruce pa khomo la tchalitchi. Chonde tibwezereni mwakachetechete, kalikonse pamalo pake. Ba Kampamba ali ku ntchito ina kutali mpaka Januwale, ndipo sindinawauze kuti ndinu. Sindikufuna dzina lanu limveke.

Za chimene chikudwalitsa chipupacho adzakufotokozerani okha, ine si womanga. Chokha ndikupempha, musamatenso paliponse mpaka mutaonana nawo.

Mundilembere mukalandira.

Mwana wanu,
Winifred


Kabwata
21 Januwale 2025

Winifred,

Moni. Kalata yako yafika Lachisanu. Ba Kampamba anafika Lachitatu. Ukuona wekha amene anayamba.

Anagogoda masana ndili pakhonde. Anakhala kumanzere kwanga, ku khutu limene likugwirako, ndiye kuti wina anamuuza. Sanakalipe. Anatsegula kompyuta yake pa maondo n'kundionetsa mzere wokwera ndi kutsika ngati msana wa ng'ona.

Akuti, "Ba shikulu, nifunseko. Chipupa cha tchalitchi chanu chimamwa tiyi?"

Ine ndinati, "Mayi, ndine wamkulu, musandiseweretse."

Akuti, "Onani apa. Kuyambira pa 30 Novembala, tsiku lililonse sikisi koloko m'mawa chipupa chimatentha. Hafu pasiti sikisi chimatuluka nthunzi. Pa Sabata chimafulumira, chimayamba faifi. Ine nagwira nchito iyi zaka khumi na ziwiri, sindinaonepo chipupa chosunga nthawi choncho."

Kenaka ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini. Anatsegula, anawerenga, n'kununkhiza. Akuti, "Makala yabwino mumagula."

Atatero anandionetsa tchalitchi chathu m'kati mwa kompyuta. Winifred, chonse chilimo. Amachitembenuza ndi chala, amachotsa denga, amalowa pansi pa guwa. Ngakhale njerwa ija ya pa ngodya imene agogo ako anaiika chagada ilimo, chagada chomwecho. Akuti maziko sanasunthe, ndipo chipupa cha kumpoto chapendekeka pang'ono chabe, osafika chala chimodzi.

Ndinayamba kukondwa. Ndiye anatsegula chithunzi china, cha mitundu. Akuti kamera imene inajambula chimenecho imaona kuzizira, pamene pali madzi m'kati pamaoneka buluu. Chipupa cha kumpoto chinali ndi zigamba za buluu, zazikulu ndi zazing'ono.

Sanafunikire kundiuza kanthu. Zigambazo ndinazidziwa monga munthu amadziwira zigamba za buluku lake. Chachitali cha pansi ndi cha 1981, chaka chimene unabadwa. Chozungulira pa zenera ndi cha 1994. Cha pafupi ndi chitseko ndinamata amako atangomwalira, manja atasowa chochita.

Ba Kampamba akuti njerwa zakale zija anazimanga ndi laimu ndi mchenga, ndipo chipupa chotere chimapuma. Madzi akakwera kuchokera pansi amatulukira m'mizere n'kuuma. Simenti ndi penti wa mafuta zimatseka. Akuti zili ngati phazi limene lakhala mu jombo ya mphira zaka makumi anayi.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Ine ndamanga nyumba za ku Kabulonga inu musanabadwe, zidakaima." Akuti, "Zoona ba shikulu, izo n'za mabuloko a simenti. Ichi n'cha atate anu." Ndinati, "Mitundu iyi aliyense akhoza kupaka. Mawa Bruce adzabwera ndi yake yofiira."

Sanatsutse. Anangoti vuto lake ndi ili. Kabokosi kamodzi anakaika pambali pa kabati ya mabuku a nyimbo, pamene palibe simenti, tina tisanu pa simenti. Amafuna aonetse akulu kuti mvula ikagwa, popanda simenti pamauma, pa simenti sipauma. Tsopano masabata asanu ndi awiri a mvula yeniyeni alibe, ali ndi tiyi wanga. Ndipo Bruce wapeza injiniya wake amene walemba kuti chipupa chavunda mpaka m'kati.

Timabokosi tabwerera pa chipupa. Ndinagwira makwerero ndine. Koma ndikuuze zoona, sindinakhulupirire zonse. Munthu wa zaka makumi anayi sangabwere ndi chithunzi n'kundiuza kuti ndakhala ndikupha chimene ndimadyetsa. Ndipo iwe wandinamizapo kale kamodzi pokhala chete, Bruce kawiri. Ndikuyang'ana nonse.

Atate wako


Kabwata
4 Marichi 2025

Mwana wanga Winifred,

Moni kwa iwe, kwa bambo a kunyumba ndi kwa Kayla. Ndilemba pang'onopang'ono chifukwa dzanja latupa, umva chifukwa chake.

Msonkhano unachitika Loweruka m'tchalitchi momwemo. Akulu khumi ndi mmodzi, Abusa, Bruce ndi pepala la injiniya wake, Ba Kampamba ndi kompyuta yake. Ine ndinakhala kutsogolo kuti ndimve. Ndinanyamula chikwama changa cha zida, ndipo kunena zoona pochoka kunyumba sindinadziwe kuti ndikuchinyamulira mbali iti.

Bruce analankhula bwino. Sananene za magalimoto. Ananena za ana a Sande sukulu amene amakhala pansi pa chipupa chija, ndipo anagogoda pulasitala ndi chibakera, inalira mphako. Ndinaona mitu ikugwedera. Mwana wanga uja si wopusa, ndipo mantha ake si abodza.

Ba Kampamba anaonetsa zithunzi zake pa nsalu yoyera. Akulu anati aa, ee, ataona tchalitchi chikuzungulira. Koma a Matthew, mkulu wa mpingo wa ku Woodlands uja, anaimirira akusisita dazi lawo. Akuti, "Mayi, pa kompyuta ngakhale ine mungandionetse ndili ndi tsitsi." Anthu anafa nacho chiseko. Kenaka analoza mzere uja, akuti, "Nanga apa pali mpata. Disembala ali kuti? Mvula yonse ija ili kuti?"

Ba Kampamba akuti, "Timabokosi tinasokonekera." Sananditchule. Bruce anayang'ana pansi, nayenso sananditchule.

Ndinaimirira. Ndinati, "Timabokosi sitinasokonekere. Tinali kwanga, pamwamba pa mbaula. Ndinatichotsa ndine, chifukwa ndinaganiza zoipa." Ndinati, "Mayiyu akuti simenti yanga ndi imene yadwalitsa chipupa. Mwana wanga akuti chipupa chafa. Ine zithunzi sindizidziwa, mapepala sindiwadziwa. Tiyeni tifunse chipupa."

Ndinatulutsa hamala ndi tchizulo. Abusa anafuna kundiletsa, a Matthew akuti, "Asiyeni, pulasitala ndi yawo."

Ndinayamba ndi chigamba cha pa zenera. Ndinamenya katatu, chinachoka chonse ngati nkhanambo, n'kugwa pa benchi. Fungo limene linatuluka, Winifred, ngati la m'chitsime chakale. Njerwa zakuda, zonyowa, ukakhudza zikunyenyeka. Bruce anakuwa, "Mwaona! Ba mudala beka bationesa!"

Apo ndinadziwa kuti mayi uja sanapake mitundu. Madzi amenewo ndinawatsekera ndine.

Koma womanga sasiyira pamwamba. Ndinapitiriza kukumba njerwa yomweyo. Chala chimodzi, zofewa. Zala ziwiri, tchizulo inadumpha m'manja. Ndinapukuta ndi malaya, m'kati munali mofiira, molimba. Ndinamenya ndi hamala, inalira ngwee. Ndinasuntha mapazi atatu kupita pamene chithunzi chinaonetsa buluu wakuda kwambiri, Ba Kampamba akundilozera pa nsalu, ndinakumbanso. Chimodzimodzi, zala ziwiri, kenaka njerwa yamoyo.

Ndiye ndinati amuna anayi asunthe kabati ya mabuku a nyimbo. Kabati imeneyo sinasunthepo chibwerere, n'chifukwa chake kumbuyo kwake sindinamateko, ndipo zaka zonsezi ndinkachita nako manyazi. Ataisuntha, tinaona chipupa cha agogo ako monga anachisiyira. Mizere ya laimu yoyera, njerwa zouma, mu Marichi muno mvula ili pakati. Chipupa chomwecho, nthaka yomweyo.

Ndinati, "Bruce, bwera ugwire." Anati, "Naona." Ndinati, "Sindinati uone, ndati ugwire." Anabwera, anaika dzanja pa njerwa za agogo ake, kenaka pa zanga. Anapukuta dzanja pa buluku n'kubwerera pa mpando wake.

Anakweza manja asanu ndi awiri, anayi anakana. Tchalitchi sichigwa. Chimene chigwe ndi simenti yanga yonse, kuyambira ya 1981 mpaka ya pansi pa zenera ya mu Novembala. Chipupa chiuma chilimwe chonse timabokosi tikumvetsera, kenaka adzamata ndi laimu. Ana asamukira mbali ya kumwera. Bruce anachoka osanditsanzika, koma Lolemba m'mawa kunabwera galimoto ndi mitengo yochirikiza ndi chingwe chotchinga, woyendetsa akuti watumidwa kuchokera ku Chelstone.

Ba Kampamba akuti makina angavulaze njerwa, simenti ichoke ndi manja. Ndawauza kuti palibe amene akudziwa kukhuthala kwa chigamba chilichonse kuposa ine. Ndayamba dzulo. Simenti ija ndinaisakaniza bwino kwambiri, mwana wanga, ikukana kuchoka. N'chifukwa chake dzanja latupa.

Tsopano nkhani yomaliza. Dzulo tikupuma, Ba Kampamba analankhula osaganiza. Akuti, "Ba Winifred analila ataona chithunzi cha buluu chija mu Novembala. Anazindikira zigamba zanu asanauzidwe."

Mu Novembala. Ndiye kuti pamene unkandilembera kuti iwe si womanga, unali utadziwa kale. Unkandigwirira ndowa uli wamng'ono, zigamba zija ukuzidziwa monga ine. Unandisiya ndikuyang'ana Bruce, ndikuyang'ana mayi wa eni, ndikuyang'ana timabokosi, pamene iwe unkadziwa kumene dzanja loononga lili.

Sindinakwiye. Mwina ndikanakhala iwe, nanenso ndikanaopa kuuza mdala. Koma ndikufuna ndimve kwa iwe, osati kwa Abusa, osati kwa mlongo wako. Pamene unatuma anthu aja mobisa, tchalitchi unkachiteteza kwa Bruce, kapena kwa ine?

Undilembere. Uiponye wekha, ndipo ulembe zilembo zazikulu.

Ndine atate wako,
Nicodemus Njobvu